Jamilu wa pa Geti Sanakanidwe Usilikali

Ndiyambe ndi kutsutsa, chifukwa bodza limeneli lazungulira Doha yense kuposa basi yanga. Mwamva kuti Jamilu Ajibu, mlonda wamtali uja wa pa geti ya ku Al Khulaifat, asilikali akwathu anamukana. Ena akuti anamugwira ndi mapepala achinyengo, ena akuti anakomoka atangomva kulira kwa mfuti, ndipo mayi wina wochapa zovala ku hotela anandilumbirira kuti anamutsekera m'selo masiku atatu, nsapato atamuvula. Mayi ameneyo Jamilu sanamuonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Zonsezo n'zabodza. Ine ndine Stephano, dalaivala wa basi ya kampani ya alonda, ndipo munthuyu ndamunyamula m'mawa ndi madzulo zaka zinayi. Sukulu ndinalekezera fomu thu, koma makutu angawa sanalepherepo mayeso.

Jamilu kwawo ndi ku Ntaja. Bambo ake anamwalira iye asanayambe kuyenda, ndiye analeredwa ndi mayi ake pamodzi ndi mjomba wake, mlongo wa mayiwo, Che Anwari. Kusukulu anali ndi mutu wa masamu woopsa, moti bungwe lina lachifundo la Asilamu linamutumiza ku Joni kukaphunzira kuyendetsa ndege. Izi si zongomva. Laisensi yake ndinaigwira ndi manja angawa, komanso buku limene oyendetsa ndege amalembamo maola amene auluka. Munali maola mazana awiri ndi kanthu. Anabwerako chakumayambiriro kwa 2020, ndipo nonse mukudziwa chimene chinachitika chaka chimenecho. Mliri uja unatseka dziko, ndege zinaimikidwa ngati maminibasi osowa mafuta, ngakhale makaputeni a imvi anali kunyumba akusenda mbatata. Ndani akanalemba ntchito mwana wa maola mazana awiri?

Anakhala chaka ndi theka akuthandiza pa shopu ya mafoni ku Liwonde. Atabwera maejenti ofuna alonda a mpira waukulu wa dziko lonse uja, analembetsa. Kunyumba ananena mawu anayi okha: "Ndapeza ntchito ku Qatar." Nenani nokha ngati pali bodza pamenepo. Koma munthu woti ali ndi laisensi ya ndege akati wapeza ntchito ku dziko la ndege, anthu a ku Ntaja safunsa kuti ntchito yanji. Amamalizitsa okha.

Ntchito yake inali kukweza ndi kutsitsa chitsulo pa geti ya nyumba za mafulati. Sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo, shati yabuluu, chipewa, nsapato zolemera. Galimoto ikabwera, sawatcha, chitsulo m'mwamba. Ikadutsa, chitsulo pansi. Ndiye kaya anamuika pamenepo ndani, koma anali wankhanza mosadziwa, chifukwa kuchokera pa geti imeneyo ndege zonyamuka pa bwalo lalikulu zimaoneka bwinobwino, imodzi ikutsatira inzake tsiku lonse. Ndikafika kudzamutenga ndinkamupeza khosi lili m'mwamba ngati nkhuku ikumwa madzi.

"Kaputeni, yala, tiyeni! Ena tili ndi njala."

"Dikirani, a Stephano. Mwaimva iyo? Ya mainjini anayi iyo. Zatsala zochepa zoterozo."

"Ikakuitanani mudzandiuze. Panopa kwerani ya injini imodziyi."

Dzina la Kaputeni ndinamupatsa ndine, ndipo sindipepesa. Iye sankakwiya. Ankakhala mpando wakumbuyo kwanga n'kutulutsa mabuku ake a mitambo ndi mphepo, anzake akukangana za mpira. Chaka chilichonse ankapita kukayezetsa maso ndi mtima kuti mapepala ake asafe. Ife tinkati akutaya nthawi.

Tsopano ndikuuzeni za shati, chifukwa popanda shati imeneyi nkhani palibe. Ku kampu kwathu, m'chipinda nambala 14, muli shati yoyera ya mizere itatu yagolide paphewa, ndi tayi yake yakuda. Inali ya supavaiza wina wa ku Nepal amene anaisiya kontirakiti yake itatha. Amaisunga ndi Rodgers, mlonda wa ku Ndirande amene ankagona bedi la pamwamba pa Jamilu, munthu woti pakamwa pake sipatsekeka ngakhale akutsuka mano. Ikafika Idi kapena Khirisimasi, shati imatuluka m'pulasitiki, imasitidwa, ndipo anyamata amaima pamzere. Aliyense amavala, amatsamira galimoto ya eni ake, amajambulitsa, amavula, amapatsira mnzake ikadali yofunda. Siisankha chipembedzo. Yavalidwa ndi Asilamu, Akatolika, a Sabata ndi mmodzi wosapemphera. Overton, amene mimba yake inabwera kuno ndi viza yakeyake, mabatani anakana, ndiye anajambulitsa atagwira failo pamimba, ndipo kwawo ku Thyolo mpaka lero amati ndi manijala. Musatiweruze. Mayi ako akakufunsa chithunzi, suwatumizira chimene watuluka thukuta utaima pafupi ndi mabini.

Jamilu anaikana shati imeneyi zaka ziwiri. Idi yachitatu mayi ake anadandaula pa foni kuti ana a anzawo onse amatumiza zithunzi, iye yekha ayi, kaya anaonda, kaya akubisa chiyani. Anagonja. Tinapita kugombe la Ras Abu Aboud, pafupi ndi bwalo la mpira lomangidwa ndi makontena lija, ndipo Rodgers ndiye anagwira foni. Shati inamukwana ngati anamuyeza telala. Ndiye nthawi imene Rodgers ankadina, kumbuyo kunadutsa chindege, mphuno m'mwamba, matayala akulowa. Tonse tinakuwa. Jamilu anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kulemba pansi pake kuti "Idi Mubaraka", basi, n'kutumiza. Apanso nenani ngati pali bodza. Ine ndikuti panalibe liwu labodza, koma bodza linalipo, ndipo mwini wake ankadziwa.

Mayi ake anakachapitsa chithunzicho ku Liwonde, chachikulu, n'kuchiika m'galasi. Che Anwari anachapitsa chawo chaching'ono cha m'thumba.

Che Anwari ndi sajeni wopuma, zaka makumi awiri ndi ziwiri ku usilikali. Ine sindinawaonepo maso ndi maso, koma mawu awo pa foni amakupangitsa kuwongola msana uli chikhalire. Jamilu amati ngakhale popita ku mzikiti amayenda ngati ali pa perete, ndipo mbuzi zawo zimalowa m'khola motsatana msinkhu. Kwa iwo munthu wosavala yunifomu ya boma amakhala akadali panjira, sanafike. Ndiye atamva kuti asilikali akufuna oyendetsa ndege chaka chino, anavala jekete, anakwera minibasi mpaka ku Zomba, n'kukaonana ndi Meja wina amene kale, ali mnyamata wongolowa kumene, anaphunzitsidwa kuguba ndi iwowo. Anatulutsa chithunzi chija. Anauza Meja kuti mphwawo wakhala akuyendetsa zindege za Aluya zaka zambiri, koma mtima wake uli pa kutumikira dziko. Meja anawapatsa fomu n'kuti ibwere Lolemba linalo, poti zaka za mnyamatayo zatsala pang'ono kupyola malire.

Chimene Che Anwari sankadziwa n'chakuti mphwawoyo nayenso sanagone. Zaka zonsezi Jamilu ankaapulaya kumakampani a ndege pa kafoni kake, ndipo kumeneko ankalemba zoona zokhazokha: maola mazana awiri, panopa ndine mlonda. Ambiri sankayankha n'komwe. Kenako kampani ina yaing'ono ya ku Lilongwe, ya tindege topita ku Mfuwe, ku Tete ndi ku Nampula, inamuitana intavyu ya pa vidiyo. Dzina la kampaniyo sinditchula, sanandipatse tiketi. Intavyu anachitira m'basi mwanga, ine nditazimitsa wailesi n'kusiya eyakoni ikulira. Rodgers anathamanga nayo shati ija pa hang'ala.

"Vala, aise! Ukaoneke ngati munthu."

"Ayi. Awa akudziwa chimene ndili."

Anachita intavyu atavala shati yake yabuluu ya pa geti, dzina la kampani ya alonda lili pachifuwa. Ndinamva akumufunsa za mphepo, za mafuta, za chimene angachite injini imodzi itazima. Ankayankha mofatsa ngati akupereka moni. Ine thukuta ndi limene linkandituluka.

Mayankho onse awiri anabwera sabata imodzi, mu Malichi. Lachiwiri imelo ya kampani: bwerani, tikakuphunzitseni ndege yathu, mukhale mpando wa kumanja, wothandiza kaputeni, tikuoneni kaye miyezi isanu ndi umodzi. Lachitatu uthenga wa Che Anwari pa watsapu: chithunzi cha fomu, ndi mawu akuti asaine, ajambule, atumize lisanafike Lolemba.

Basi yanga inasanduka nyumba ya malamulo. Rodgers anaimirira pakati, atagwira chitsulo cha pamwamba.

"Amwene, apa palibe choganiza. Usilikali! Nyumba ya ulere, chipatala cha ulere, penshoni. Ukafika pa rodibuloko apolisi akupangira sawatcha iweyo. Kakampani kakoko mawa kagwa, ndiye ubwerenso kuno udzatipemphe bedi?"

"Ukatero iwe bwanji sunalowe?" anafunsa Overton ali kumbuyo.

"Anandibweza chifukwa cha msinkhu. Si nkhani yake imeneyo."

"Anakubweza chifukwa cha pakamwa. Chinsinsi cha boma chikanafika ku Ndirande tsiku lomwelo."

Anakangana kuchokera ku Al Khulaifat mpaka ku Al Aziziya, kumene timasiya makiyi ku ofesi. Wina amati ku usilikali ukasaina wasaina, suchoka mpaka imvi. Wina amati tindege ting'onoting'ono timagwedezeka ngati ngolo. Onsewo palibe amene anakhalapo kutsogolo kwa ndege, ena mwa iwo anasanza ulendo wonse wobwera kuno. Anthu onse atatsika, mwini nkhani anatsalira, n'kundipatsa foni.

"A Stephano, tawerengani mzere wachisanu ndi chiwiri."

Fomu inali yodzazidwa kale, zilembo zazikuluzikulu, zoima chilili ngati eni ake. Pa funso la ntchito imene ukugwira panopa, Che Anwari analemba kuti woyendetsa ndege, Qatar, zaka zinayi. Pansi penipeni panali malo a mboni yotsimikiza kuti zonse n'zoona. Pamenepo anali atasaina kale iwo, dzina lonse, udindo wawo, ndi nambala yawo ya usilikali.

Ndinamvetsa. Akasaina Jamilu, bodza la pa chithunzi lilowa m'failo ya boma, ndipo tsiku limene adzamufunse buku la maola, wogwidwa sadzakhala iye yekha. Mkulu uja, amene chuma chake chonse ndi dzina lake la usajeni, adzaoneka wabodza pamaso pa mwana amene anamuphunzitsa yekha kuguba. Akapanda kusaina, ayenera kunena chifukwa. Njira zonse ziwiri zinkadutsa pakhomo pa Che Anwari.

Rodgers atamva anapeza mankhwala msanga. "Ukawauze kuti Aluya akukaniza. Mudiri, bwana wa kampani, wakana kukumasula, khalasi, nkhani yatha. Pakatha miyezi iwiri uzembere ku kampani yakoyo mwakachetechete."

"Ndiye akadzandiona ndi kandege ka mipando khumi ndi isanu ndi inayi, ndidzati Aluya ananditsitsa?"

"Udzati unatopa ndi zazikulu."

"Ndiwo anandigulira nsapato yanga yoyamba, Rodgers. Akuyenda ndi chithunzi changa m'thumba."

Lachinayi Jamilu anawaimbira mjomba wake kawiri. Koyamba anakamba za mvula. Kachiwiri anafunsa za nandolo, ngati wayamba maluwa. Ndinamuuza kuti akapitiriza choncho amaliza mbewu zonse za ku Machinga Lolemba lisanafike.

Lachisanu, tsiku lathu lopuma, atatuluka ku mzikiti anandipempha kuti ndimufikitse ku Ras Abu Aboud. Kunja dzuwa linali lowotcha, ndiye anaimbira m'basi momwemo. Ndinati nditsike, koma iye anati ndikhale, mwina athawa. Foni yake inagwapo pa geti, simveka pakhutu, imangolankhula mokweza. Ndiye musandinene kuti ndinatchera khutu. Khutu linali pamalo pake, mawu ndi amene anabwera.

"Salaamu aleikumu, a mjomba."

"Waaleikumu salaamu. Fomu ija sindinaione."

"Eya. Ndi nkhani yake ndaimbira."

"Cholembera chasowa ku Qatar?"

"Ayi, a mjomba. Mzere wachisanu ndi chiwiri uja... si zoona."

"Zaka zachepa? N'zisanu?"

"Ine kuno sindiyendetsa ndege. Sindinayendetsepo chibwerereni. Ndine mlonda. Ndimatsegula geti."

Ndinamva tambala akulira ku Ntaja, ine ndili ku Doha. Jamilu anagwira mpando wa kutsogolo kwake. Ndinkadikira kuti foni iphulike.

"Nanga shati ija?"

"Yobwereka. Timavala tonse pojambulitsa."

"Ndege ija?"

"Inkangodutsa."

Kenako mawu anabwera, otsika, osati a pa perete aja.

"Umaima maola angati?"

"Khumi ndi awiri."

"Mpando anakupatsa?"

"Ulipo, koma supavaiza akakupeza utakhala amalemba."

"Miyendo imatupa?"

Jamilu anandiyang'ana ine, ngati ndine ndingamuuze kumene mafunsowa akulowera. "Imatupa, a mjomba. Makamaka nyengo yotentha."

"Ukafika kuchipinda uzigona chagada, mapazi utatsamiritsa kukhoma. Ndipo usamaime pa zidendene, uziima pa zala, uzisinthasintha." Anatsokomola. "Nditapuma usilikali ndinakhala ku Limbe zaka zisanu. Ukukumbuka? Unali sitandade sikisi."

"Munkagwira ku ofesi ya zachitetezo."

"Ofesi yake inali khonde la sitolo ya nsalu. Ndinali ndi chibonga ndi wezulo. Sajeni wathunthu, kutsegulira mwana wa bwana chitseko cha galimoto. Ndikamabwera kumudzi ndinkavala tayi."

Ine ndinayang'ana kunyanja, chifukwa m'maso mwanga munalowa fumbi, ndipo wina akatsutsa kuti m'basi yotseka mawindo simulowa fumbi abwere adzayendetse yekha.

Koma musaganize kuti zinathera pomwepo mokoma. Mawu a perete aja anabwerera mwadzidzidzi.

"Ulonda si mlandu, mphwanga. Mlandu ndi wakuti wandiyendetsa mpaka ku Zomba ndi chithunzi cha shati ya eni. Ndakhala pa mpando wa Meja, ndamwa tiyi wake, ndamuuza zinthu. Ukanandiuza chaka chatha ndikanakutukwana tsiku limodzi n'kuiwala. Tsopano ndikaima bwanji pamaso pake?"

"Ndilembe kalata ndine, a mjomba. Ndipepese ndine."

"Anasaina ndani pa mboni, iwe kapena ine?"

Foni inadulidwa.

Loweruka ndi Lamlungu Jamilu anali ngati munthu wodwala malungo. Anaimba, osayankhidwa. Analemba uthenga, unawerengedwa, osayankhidwa. Lamlungu anakwezera chitsulo galimoto ya zinyalala n'kuichitira sawatcha, ndipo Mfilipino woyendetsayo anabweza sawatchayo mwaulemu wonse. Kampani ya ku Lilongwe ija inali ikudikira yankho pofika Lachisanu linalo, koma iye anati sayankha aliyense mjomba wake asanalankhule. Anati ndege angaipeze ina, koma munthu amene anamulera ndi mmodzi.

Lolemba madzulo, atangokwera basi, foni inalira. Anyamata onse anakhala chete osauzidwa, ngakhale Rodgers.

"Ndabwerako ku Zomba," anatero Che Anwari, moni osapereka. "Ndinavala jekete lomwe lija. Ndinaima, sindinakhale. Ndinati, bwana, sajeni wanu anakuuzani zinthu asanafufuze, fomu iyi ing'ambeni."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anaseka mpaka anagwetsa cholembera. Akuti mng'ono wa mkazi wake ali ku Dubai, nayenso amatumiza zithunzi atatsamira galimoto. Kenako anafunsa kuti laisensi ndi yeniyeni? Ndinati imeneyo ndinaiona ndi maso anga. Maola mazana awiriwo ndi enieni? Ndinati enieni. Akuti ndiye vuto lili pati? Wandipatsa fomu ina yoyera. Akuti ulembe wekha, ulembe kuti mlonda, ubwere ukayesedwe ngati wina aliyense."

Basi yonse inapuma nthawi imodzi. Overton anati "Alhamdulillah", munthu wa Sabata.

"Mayi ako ndawauza," anapitiriza mkuluyo. "Analira pang'ono, kenako anafunsa ngati umadya mokwanira. Chithunzi akuti sachotsa pakhoma, chifukwa galasi anagula ndi iwo. Tsopano tamvera. Meja wanena mosabisa. Ukalowa, uyamba ndi kuguba ngati aliyense, pafupifupi chaka, ndege usanaikhudze. Ukatero usaina zaka zambiri, ndipo upita kumene akutuma. Koma udzakhala munthu wa boma mpaka kufa. Mayi ako akuti unawauza kuti palinso kwina kumene akukufuna. N'zoona?"

"N'zoona, a mjomba. Kampani yaing'ono, ku Lilongwe."

"Iwowo unawauza kuti ndiwe ndani?"

"Mlonda."

"Alendo unawauza zoona, ife eni ako n'kutipatsa chithunzi." Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ine ndinakusankhira kamodzi, taona kumene zinatifikitsa. Sankha wekha."

Apa ndiye panayamba kusankha kwenikweni, makomo onse awiri ali otsegula ndipo palibe chobisa kumbuyo. Ndinkaganiza kuti athamangira kampani, koma ayi. Masiku atatu anavutika. Usilikali ankaufuna ndithu, musamve za anthu. Anakulira m'nyumba ya nsapato zopolishidwa, ndipo ankadziwa kuti tsiku limene angatulukire ku Ntaja atavala yunifomu ya boma, mjomba wake adzayenda msika wonse kawiri popanda chogula. Ankadziwanso kuti Rodgers, ngakhale ndi wolongolola, sananame: timakampani tating'ono timatha kutseka Lachisanu osatsanzika.

Lachinayi m'mawa, tikupita ku dyuti, anandigwira paphewa.

"A Stephano, inu mutasiya kuyendetsa zaka zisanu ndi chimodzi, mungakumbukire?"

"Manja amakumbuka. Koma mantha amabwera."

"Ndi zimenezo. Ine chiulukire ndi 2020. Usiku ndimalota ndikutera, ndikadzuka ndimayesa kukumbukira kuti dzanja lamanzere limagwira pati. Ndikawonjezera chaka china ndili pansi, ndidzalowa m'ndege ngati mlendo. Ndipo ndaima mokwanira, madala. Zaka zinayi ndakhala ndikunena kuti inde bwana, inde bwana, kwa aliyense wa galimoto. Sindikunyoza usilikali. Koma miyendo yanga yagwira kale ntchito yake, tsopano agwireko manja."

"Nanga kampani ikagwa?"

"Ikagwa igwa yokha. Maola amene ndidzauluke adzakhala m'buku langa, palibe adzawafufute. Ndikadzafika chikwi, ena adzandiyankha maimelo."

Masana omwewo anayankha kampani kuti akubwera. Madzulo analemba kalata ya pamanja kwa Meja, yothokoza ndi yopepesa, n'kuijambula kuti mjomba wake akaipereke. Kenako anawaimbira, ndipo ulendo uno sanayambe ndi nandolo.

Che Anwari anamvetsera mpaka kumapeto. Anang'ung'udza kuti ana a masiku ano amaopa matope, kuti penshoni adzaikumbuka mano atatha, kuti kampani yopanda mbendera si malo oikapo moyo. Jamilu ankangoti eya, a mjomba, ndamva, a mjomba. Atatopa, mkuluyo anafunsa:

"Kandege kakoko kali ndi mipando ingati?"

"Khumi ndi isanu ndi inayi."

"Minibasi ya ku Nselema imaposa pamenepo. Chimbudzi chilimo?"

"Mulibe, a mjomba."

"Ku Mfuwe ndi maola angati?"

"Silikwana ola."

"Ndiye tsiku limenelo ndidzanyamuka osamwa tiyi. Undisungire wa pawindo, kumbuyo kwako, ndizikuona ngati ukugwira bwino."

Jamilu atadula foni anatsamira mpando n'kuseka, kuseka kwa munthu amene watula thumba la simenti. Zaka zinayi ndinali ndisanamuonepo mano onse. Usiku wake, akutero Rodgers, anagona mpaka kuliza mkonono, mapazi ali kukhoma.

Anarizaina mwadongosolo, anagwira mwezi wake wa notisi osajomba, ndipo supavaiza amene ankamulemba chifukwa cha mpando uja anamugwira chanza n'kumupempha kuti ajambulitse naye. Ku bwalo la ndege ndinamuperekeza ndine, ndi chikwama chimodzi ndi katoni ya mabuku. Potsika ndinamuuza kuti akadzandiona m'ndege yake asadzandiuze kuti yala. Anati adzandiuza ndithu, ndipo ndikadzachedwa adzandisiya.

Nanga bodza lija linachokera kuti? Musafune kutali. Rodgers zinamuwawa kuti malangizo ake onse awiri sanatsatidwe, ndiye analemba pa gulu la watsapu la Amalawi kuti "asilikali adziwa zoona za Kaputeni wathu", n'kuika tinkhope toseka titatu. Sananame, koma anasiyira pakati dala. Pofika ku Al Aziziya nkhani inali yakuti anamukana. Pofika kumahotela anali atagwidwa. Mfuti ndi selo anawonjezera ndi anthu a shifiti yamadzulo, amene amakhala ndi nthawi yambiri. Ndinamufunsa Rodgers pamaso pa anthu kuti bwanji sukukonza, iye akuti akonza akapeza bando. Wayifayi ya ku kampu ndi yaulere.

Ndiye amene mwakhala mukufunsa ndi nkhope zachisoni zonamizira, pepani, maliro kulibe. Zoona zake n'zakuti Jamilu anaulula yekha, asilikali anamuitanabe, iye anasankha kandege kakang'ono, ndipo Lachiwiri lapitali anakatera nako ku Mfuwe bwinobwino.